Amayi tiwasungire kuti?

Chifereni amayi ziwalo mbali ya kumanja, ana awofe takhala tikuvutika kumvana za malo oti akakhale. Achimwene a ku Lilongwe akuti awatenge, akakhale kufupi ndi madokotala a ku Kamuzu Central. Achemwali, amene anakwatiwa ku Golomoti, akuti nyumba yawo ndi ya malata ndi simenti, magetsinso alimo. Amalume, eni mbumba, mawu awo ndi amodzi: munthu wamkulu sachotsedwa pamudzi pake ngati katundu. Ine ndili kuno ku Johannesburg, ndipo nkhaniyi ndimailowa pa WhatsApp usiku, nditagoneka gogo wachizungu amene ndimamusamalira.

Ntchito yangayi yandiphunzitsa zimene munthu wogona pansi amafuna. Amafuna kutembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku, apo ayi zilonda zimatuluka m'chiuno, m'matako ndi ku zidendene, ndipo zikatuluka sizipola msanga. Amafuna kukhazikidwa tsonga pomwetsedwa phala kuti asatsamwe. Dzanja lakufalo limafuna kuwongoledwa tsiku ndi tsiku, chala chimodzichimodzi, lisanapindike. Mankhwala a BP asadumphe. Gogo wa kunoyu ali ndi bedi lokwera ndi kutsika, ndipo nesi amabwera kudzamuona pakhomo. Ndikamamupaka mafuta kumsana ndimaganiza za msana wa amayi, umene unandibereka popita kumunda, ndipo mtima umandiwawa kuti manja odziwa ntchitoyi ali kutali chonchi.

Choncho malo alionse amene abale anga atchula ndimawayesa ndi mafunso a ntchito yanga. Usiku adzadzuka ndani? Madzi ali kutali bwanji? Zikavuta pakati pa usiku, chipatala tikafika bwanji?

Za Lilongwe ndinakana msanga. Achimwene ndi alamu amachoka m'mawa, geti n'kutsekedwa, kubwera dzuwa litalowa. Amayi ndi munthu amene moyo wawo wonse akhala pakhonde, aliyense wodutsa n'kuima: “Mwaswera bwanji, agogo?” Kuseri kwa mpanda wa njerwa angawapatse moni ndani? Dokotala wamkulu adzamufuna mwina kawiri pachaka, koma anthu akuwafuna tsiku lililonse. Ku boma la Dedza nako kuli chipatala chachikulu cha boma chosalipiritsa, koma ife a kunsi kwa phiri kuzizira kwa kumeneko sitikutha. Amayi akapitako mu Juni ankabwerako akudandaula mawondo.

Golomoti ndinamuganizira nthawi yaitali, chifukwa ali ndi zake zabwino. Ndi pamphambano: msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka umadutsa pamenepo, wa ku Monkey Bay umapatuka pamenepo, ndipo wa Khwekhwerere umakwera phiri kukakumana ndi M1. Galimoto sizisowa. Msika ndi waukulu, ndipo ndalama imene ndatumiza pa Mukuru achemwali amaitapa tsiku lomwelo. Chipatala chaching'ono chilipo. Kuyambira 2022 palinso malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, ndipo anthu akamanditumizira zithunzi zake sindikhulupirira kuti ndi tchire lomwe lija tinkadutsa popita kukagula usipa. M'nyumba ya magetsi, fani imathandiza kwambiri wodwala mu Okutobala, pamene chigwa chonse chimatentha mpaka mphasa kuotcha.

Koma nyumbayo ndi ya mkamwini. Amene anakulira kwathu akudziwa tanthauzo lake. Achemwali akapita kumsika kukagulitsa tomato, pakhomo pamatsala alamu, munthu wabwino ndithu, koma sangalowe kuchipinda kwa apongozi ake kukawatembenuza, ndiye kuwasintha nsalu tisanene n'komwe. Amayi nawonso angalole kugona m'mikodzo tsiku lonse kusiyana ndi kuitana mkamwini. Achemwali anakhumudwa nditanena zimenezi, koma sanatsutse.

Mtakataka sitinaukambe kwambiri. Ndi likulu la Inkosi Kachindamoto, pali apolisi, pali chipatala chaching'ono, koma tilibepo mbale woti n'kusunga wodwala.

Ndiye patsala kwathu, kamudzi ka kumunsi kwa Mua. Ndikatchula dzinali ndimamva belu la tchalitchi, ndimamva madzi a Nadzipokwe akugwa m'miyala, ndi kugogoda kwa osema ziboliboli a pa Kungoni, pamene Bambo Claude Boucher anayambitsa ntchito yawo mu 1976. Ndimaona milambe itaima mbee m'chilimwe, ndi minda ya mpunga ya ku Bwanje itabiriwira. Kuno mpunga ndimagula wa m'pepala, wopanda fungo. Koma sikulakalaka kwathu kokha kumene kukundiyankhulitsa. Ansembe a White Fathers anafika pa Mua mu 1902, ndipo chipatala cha mishoni chakhala chikulandira odwala a dera lonselo kwa mibadwo. Kuchokera pakhomo pa amayi, munthu wa kabaza amakafika asanatuluke thukuta lambiri. Chili ndi mawodi ogoneka odwala, osati kungopereka mapiritsi pawindo. Ndi cha CHAM, choncho n'cholipira, ndipo mapangano a boma ndi zipatala za mishoni kawirikawiri amapeputsira amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, osati nkhalamba za sitiroko. Bilu imeneyo ndi yanga, ndavomera. Zikakula, ambulansi iyenera kukwera Khwekhwerere ndi makhota ake kupita ku Dedza, kapena kulowera ku Salima, komwenso kuli Ndi Moyo, malo othandiza odwala matenda osachiritsika kuti asamve ululu.

Chimene Mua ali nacho choposa zonsezi ndi anthu. Amayi akhala mu mphakati wawo zaka zambirimbiri, akuphika pa maliro a anzawo ndi kugonera odwala a eni. Tsopano anzawo aja akubwera okha. Wina amabwera ndi ndowa ya madzi a pamjigo, wina ndi mtolo wa nkhuni, wina amangokhala pamphasa n'kumakamba za mvula. Lamlungu amawabweretsera Ukaristia pakhomo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo amawadziwa ndi dzina la kumtundu. Mphwanga anandionetsa pa foni tsiku lina azakhali akuwadyetsa phala la mgaiwa lothira nsinjiro: supuni imodzi, kudikira, kuwapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, kenako ina. Sanaphunzire kusukulu iliyonse, koma anachita monga mmene ine ndinaphunzitsidwira kuno.

Zovuta zilipo, ndipo sindizichepetsa. Udzudzu wa kuchigwa ndi woopsa, ndipo malungo pa thupi lofooka chonchi akhoza kuwatenga m'masiku ochepa. Chimbudzi chili kuseri kwa khola. Chitseko cha nyumba n'chopapatiza, njinga ya olumala singalowe. M'dzinja mitsinje yotsika m'phiri imadzaza mwadzidzidzi, njira n'kusanduka matope. Matewera a akuluakulu pafupi sapezeka kawirikawiri, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake ndi wosayamba. Palinso china chimene chimandisowetsa tulo. Munthu wa sitiroko lilime limalemera, nthawi zina amalankhula zosamveka, ndipo m'midzi yathu nkhalamba yotere sichedwa kulozedwa chala mwana wa wina akadwala. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza achikulire mu 2024, koma usiku m'mudzi chimene chimateteza gogo ndi anthu amene akumudziwa kuyambira utsikana wake. Ku Mua amayi ali nawo anthu otere. Ku Golomoti akanakhala mlendo wodwala m'nyumba ya eni.

Pomwe tinakanganadi ndi pa funso la munthu wogona nawo. Amalume anati mwana wa achemwali, amene ali Fomu 2, ayambe wasiya sukulu adzasamalire agogo ake. Apo ndinakana kwamtuwagalu. Dera lathu ndi lomwe Inkosi Theresa Kachindamoto anadziwika nalo dziko lonse pothetsa maukwati a ana ndi kubwezera atsikana kusukulu, ndiye ife tichotse wathu m'kalasi chifukwa cha matenda? Inenso ndinalekeza sukulu panjira, ndipo ndikudziwa kumene msewu umenewo umathera.

Pomaliza tagwirizana kuti amayi akhale kwawo ku Mua, ndipo mayi wina wamasiye wa mu mphakati womwewo azigona nawo, ine ndizimulipira mwezi ndi mwezi. Azakhali azimupumuza masana. Achemwali azibwera Loweruka ndi matewera ndi ndiwo, achimwene atumize matiresi ndi neti yatsopano, ndipo mphwanga akulitse chitseko ndi kukumba chimbudzi pafupi mvula isanagwe. Madzulo alionse mayiyo amaimika foni pampando, ine ndili kuno, n'kumamuonetsa pa pilo mmene angagwirire phewa ndi chiuno potembenuza munthu osamupweteka. Amayi amandiyang'ana pa foniyo, n'kufunsa ndi lilime lawo lolemeralo kuti ndibwera liti. Ndawauza kuti Disembala, abwana akandilola.