Chitupa cha Zaka Zitatu

Tsiku langa loyamba ku Zvishavane ndidamva woitanira kombi akukuwa kuti, "Kandodo! Kandodo!" Ndidacheuka ngati wanditchula dzina. Kwathu Kandodo adali masitolo komwe amayi ankagula shuga ndi nsalu ya yunifomu tili ana. Kandodo wa kuno ndi komboni ya antchito a mgodi wa Shabanie: tinyumba tandandalika m'mizere, ndipo chapatali pali zimilu zotuwa za dothi lochoka pansi, zazitali ngati mapiri koma zopanda mtengo. Mgodiwo, womwe udayamba kukumba asibesitosi mu 1916, udakhala chete kalekale. Anthu ake okha ndiwo adatsala.

Ndine wa ku Linthipe, m'boma la Dedza. Za makompyuta ndidaphunzira ku Polytechnic ya ku Blantyre isanakhale MUBAS, ndipo nditatopa n'kuzungulira maofesi a ku Lilongwe ndi envulopu ya khaki kukhwapa, mnzanga adandikokera kuno mu 2022. Ndili pa kampani ina yaing'ono yosamalira makompyuta a makontilakita a m'migodi ya ku Midlands. Lero ndili ku Shurugwi kwa kromu ndi platinamu, mawa ku Kwekwe kwa golide, pobwerera n'kudutsa cha ku Redcliff komwe ng'anjo za Ziscosteel zidazima mu 2008. Amayi akafunsidwa kutchalitchi amangoti, "Ali ku Halale, amakonza makompyuta." Kwa iwo dziko lonse lino ndi Halale, monga momwe makolo awo ankalitchulira.

Kukonzako ndimakonza, koma chomwe andilembera kwenikweni n'kuzimitsa moto wosaoneka ndi maso. Mgodi wa masiku ano suyenda ndi fosholo yokha. Mapampu opopa madzi, mafani olowetsa mpweya pansi, sikelo yoyezera malole, malipiro a antchito, zonsezi zimadalira netiweki. Mu March 2019 akuba a pa intaneti adatseka makompyuta a Norsk Hydro, kampani ya aluminiyamu ya ku Norway, mpaka antchito adabwerera ku pepala ndi cholembera. Mu July 2021 adagwedeza Transnet, madoko a ku South Africa monga Durban n'kutsala pang'ono kuima. Mu July 2024 idali Sibanye-Stillwater, yomwe ili ndi theka la mgodi wa Mimosa pafupi pompano. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Za Sibanye zisanachitike n'komwe, mabwana adali atayamba kale kufunsa kuti pakati pathu ali ndi satifiketi ndani.

Ndidayamba ndi Security+ ya bungwe la CompTIA, kenaka n'kulimbana ndi CySA+. Ya GCIH ndinkangoiyang'ana ngati nyama ya m'butchala, poti maphunziro ake a SANS amadya madola masauzande angapo. Koma ndondomeko yawo ya masitepe 6 ndidailoweza, ndipo kuti isandithawe ndidaimasulira m'chinenero changa n'kumata pakhoma: kukonzekera, kuzindikira, kutchinga, kuzula, kubwezeretsa, kutolapo phunziro. Nditaiwerenga m'Chichewa ndidaseka ndekha. Izi n'zomwe bambo ankachita m'mwezi wa August, polambula kuzungulira nkhokwe ndi mitolo ya udzu wofolera moto wolusa usanabwere. Ukabwera sankalimbana ndi malawi. Ankaudulira njira, n'kuusiya udye chomwe wagwira kale. Usiku umenewo buku lidandikanika. Ndinkangomva fungo la lupsa.

Mayeso enieni adabwera asanafike a papepala. Usiku wina wa mu June 2023, kukuzizira ngati pa Dedza boma, foni idalira cha m'ma 2 koloko. Adali foromani wa shifiti ya usiku pa kampani ina yomwe timaisamalira. Madzulo ake kalaliki adatsegula imelo yooneka ngati invoyisi, ndipo tsopano mafayilo pa seva ankasintha maina limodzilimodzi, pa sikirini patatuluka uthenga wofuna dipo. Foromaniyo dzanja lidali kale pa switchi.

"Musathimitse, akulu," ndidatero. "Pitani kuseri kwa makinawo, muzule chingwe cha buluu chokhacho."

Ukathimitsa kompyuta, zonse zomwe zili mu memory zimauluka, ndipo m'menemo ndi momwe muli mapazi a wakubayo. Chofunika n'kuilekanitsa ndi zinzake. Ndidafika nditavala jekete pamwamba pa zogonera, n'kuyamba kulemba m'kabuku nthawi ya chilichonse chomwe takhudza. Makompyuta atatu adali atagwidwa. Chidatipulumutsa ndi disiki ya backup yomwe tinkaitsekera mu sefa, yosalumikizidwa ku netiweki, yomwe tidaiyesa mwezi wapitawo. Dzuwa lisanafike pamutu malipiro adabwerera m'malo mwake. Padatsala kalata: lamulo la kuno la 2021, la Cyber and Data Protection Act, limafuna kuti mbiri za anthu zikabooledwa, bungwe la POTRAZ lidziwitsidwe pasanathe maola 24.

Nditatuluka panja manja ankanjenjemera. Anzanga adandisisita pamsana m'Chishona ndi m'Chingerezi, adandigulira mahewu a m'botolo. Ine khosi linkafuna thobwa la mawere, lomwera m'chipanda, ndi munthu woti ndimufotokozere zonsezi popanda kuyamba ndasanja mawu m'mutu. Ndidakwera kombi ya ku Kandodo.

Kumeneko kuli agogo ena a ku Ntcheu omwe ndidadziwana nawo pamaliro, tsiku lomwe ndidamva ng'oma za gule, amene eni dziko amati zvigure, n'kuzilondola ngati mwana. Adabwera mu 1956, nthawi ya Chitaganya, atalembedwa ndi Mthandizi. Chichewa chawo n'cha chaka chomwecho, chosasukuluka: ndalama amawerenga m'mapaundi ndi masheleni, dziko amati Nyasalande. Ana awo adabadwira kuno, koma zitupa zawo zidadindidwa mawu oti ALIEN, ndipo lamulo la unzika la 2001 lidawasiya pamtetete mpaka malamulo atsopano a dziko a 2013 atawatsegulira khomo. Zidzukulu zimamva Chichewa koma zimayankha m'Chishona.

Adandimvetsera mpaka kumapeto, akupukusa mutu pomwe payenera. Kenaka adafunsa zawozawo.

"Nanga chitupa mukuvutikirachi, mdzukulu wanga, n'cha zaka zingati?"

"Zitatu, agogo. Zikatha umachikonzanso."

"Ee, chimakonzedwanso." Adaseka mpaka kutsokomola. "Ifenso tidati mvula ziwiri zokha. Tigule njinga ndi makina osokera, tizipita."

"Ndiye chidachitika n'chiyani?"

"Palibe chidachitika. Utchona sugwa ngati mphezi, mwana wanga. Umangoti chaka chamawa."

Mawu amenewo adandibaya kuposa uthenga wa dipo uja. M'mabuku athu muli mutu wonena za wakuba amene sapanga phokoso. Amalowa, n'kukhala miyezi, akutapa pang'onopang'ono, makina onse akuoneka kuti ali bwino. Ndidawerenga zanga panjira yobwerera: Khrisimasi imodzi yadutsa ndili pantchito, maliro a malume ndidawalira pa WhatsApp, ndipo tsiku lina ndidati sadza ndikulankhula ndi amayi. Iwo sadanene kanthu, adangokhala chete pang'ono.

CySA+ ndidalemba mu February 2024, m'chipinda changa chomwechi. Ndi mafunso osapitirira 85, mphindi 165, ndipo kuti ukhoze pamafunika 750 pa 900. Woyang'anira sumuona nkhope. Amakuonera pa kamera, n'kukulembera mauthenga. Ndidatchaja batire ndi kugula bandulo yapadera kuopa kuthima kwa magetsi. Atandiuza kuti ndimuonetse tebulo, adati ndichotse chinthu chomwe chidali pakona. Lidali botolo la tsabola wa Nali lomwe ndidabwera nalo, lotha kalekale, longotsala zofiira zouma m'khosi mwake. Ndidaliika pansi pa bedi. Kwa maola pafupifupi atatu ndidasanthula ma log ndi kusankha choyamba kuchita seva ikagwidwa, koma diso linkangothawira pakona popanda kanthu paja. Ndidakhoza. Pasatifiketi adalemba tsiku lothera mphamvu: February 2027.

Mwezi womwewo nkhani idamveka kuti kwathu kusindikiza mapasipoti kwaima, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makompyuta ake ndipo akufuna dipo. Ndidaiwerenga ndili pamwala kuseri kwa nyumba, pepala langa latsopano lili m'foni. Lamulo tili nalo, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo pansi pa MACRA pali gulu la Malawi CERT loyankha zoterezi. Mabanki, Mpamba ndi Airtel Money, kaundula wa zitupa za unzika, zonsezi n'nkhokwe zofuna wozilambulira. Ine ndikulambula ya eni, yakwathu ikufuka utsi. Komanso sindinganame: madola omwe ndimatumiza pa Mukuru ndiwo adagula feteleza wa chaka chino ndi kulipira fizi ya mlongo wanga. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, koma njokayo ilibe mlongo wa ku sekondale.

Njira ndimaidziwa pamtima. Basi ya ku Harare, kenaka Nyamapanda, mlatho wa Zambezi ku Tete, chipata cha Dedza, n'kuona phiri lija litavala nkhungu ndi amayi a kachewere m'mbali mwa msewu. Ndimaiyenda usiku uliwonse tulo tikavuta.

Mwezi watha agogo aja adanditengera m'nyumba n'kunditchulira dzina la mudzi wawo, la mfumu ya nthawi yawo, ndi maina a alongo awo awiri. "Mukapita mukafunse ngati alipo wondikumbuka," adatero. Pantchito pathu timati chinthu chofunika chisungidwe patatu, ndipo pamodzi pakhale kutali ndi pomwe pangabuke moto. Ndidalemba m'kabuku kanga ka zochitika, ndidasunga m'foni, ndipo kachitatu ndidatumiza kwa amayi.

Dzana adandiyankha ndi uthenga wa mawu, kumbuyo kukumveka nkhuku ndi mtondo. Akuti adakwera minibasi mpaka ku Lizulu tsiku la msika, ndipo adapeza mayi wina wogulitsa tomato amene akuudziwa mudziwo, ndipo walonjeza kukafunsa. Kumapeto adaonjezera kuti, "Za agogo anuwo zikuyenda. Nanga inu, bambo, tikufunseni kwa yani?"

Uthengawo ndaumvera kasanu. Sindinayankhe.