Kabati Yosapaka Vanishi Sibisa Mtengo

M'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata, ku Kalingalinga mu Lusaka, akalipentala amayala makabati ao panja, ena onyezimira ndi vanishi, ena osapakidwa kanthu. Mai wina wa ku Mtendere, pokonzanso khichini yao, anasankha kabati yosapaka, ndipo anansi ao anawaseka kuti ndalama zawathera.

Ndalama zinali zocepadi, koma panalinso cifukwa cina. Maiwa anakulira ku Katete, kumene atate ao anawaphunzitsa kuzindikira mlombwa, mtengo umene a mu Lusaka amaucha mukwa. Thabwa losapaka silibisa kanthu: mfundo, ming'alu ndi mabowo a tizilombo zonse zimaoneka poyera. Pa kabati yopakapaka, paini wa ku Copperbelt angathe kudetsedwa ndi utoto mpaka kufanana ndi mlombwa. Wogula anganamizidwe, koma ciswe ai. Monga a kumudzi adziwira, ciswe cimadya paini msanga, pamene mtima wa mlombwa cimaulambalala.

Mtengo wa mlombwa unawakanika, motero anatenga ya paini akudziwa bwino cimene agula. Anaisiya kabatiyo pamthunzi masabata awiri kuti iume, pakuti matabwa ena amacoka ku msika wa Buseko akali aawisi, ndipo zitseko zimadzapindika. Atatero anaisalaza ndi sandipepa napaka vanishi kawiri, osaiwala kumbuyo ndi kunsi kwa miyendo, kumene madzi okolopera amalowera. Ndipo anaikhazika pa njerwa zinai, kutali ndi mbaula.