Kukazula Bowa m'Tsinde mwa Phiri la Malosa

Mvula ya Januwale itagwa usiku wonse, ife a kagulu ka okonda bowa a mumzinda wa Zomba tinalawirira mbandakucha kulowera ku Domasi, ndipo pamene dzuwa linkayamba kupenya m'mitambo tinali titasiya kale msewu wa ku Liwonde, tikukwera kanjira koterera ka m'tsinde mwa phiri la Malosa. Ena mwa ife ananyamula buku la Brian Morris la 1987 lofotokoza za bowa wa m'Malawi. Koma popeza safunsa anadya phula, tinapempha mayi wina wachikulire wa m'mudzi wapafupi kuti atitsogolere, pakuti nzeru za bowa m'dziko muno zakhala m'manja mwa amayi kuyambira kalekale, mwana wamkazi kuziphunzira kwa amake monga nawonso anaziphunzirira kwa agogo awo.

Titalowa m'nkhalango ya mitondo, miombo ndi misuku, mayiwo anayamba kuyenda mwachifatse, maso pansi, namavundukula masamba ndi kamtengo. Anationetsa ndelema woyera, wongotuluka kumene m'kathumba kake, ndi chipatwe wachikasu amene anamwazika patsinde pa mtondo. Mnyamata wina atatambasula dzanja kuti azule bowa wina wokongola, iwo anamuletsa nati, "Ayi mwanawe, musiyeni ameneyo, n'chirombo. Bowa amene simunaonepo akulu akudya, musamuike m'dengu."

Koma chimene chinandigwira mtima koposa zonse tinachipeza pachulu. Pamenepo panali utale waukulu, chipewa chake chotambalala ngati lichero, ndipo mayiwo atakumba mosamala tinaona muzu wake wautali ukulowa pansi kufikira m'nyumba ya chiswe. Pakuti chiswe chimalima bowa ameneyu m'kati mwa chulu, chikumamudyetsa udzu ndi timitengo totafunatafuna, iye nafewetsa zakudyazo kuti chiswecho chikhute. Ndipo mvula ikagwa, munda wobisikawo umaphukira kunja, nafenso anthu tidyako zimene sitinafese. Ndelema ndi chipatwe nawo ali ndi pangano lawo, osati ndi chiswe koma ndi mizu ya mitengo yachilengedwe, kumene amalandira chakudya, iwo napereka madzi ndi mchere wa m'nthaka. N'chifukwa chake palibe munthu angawalime m'shedi monga amalimira bowa wa oyisitala.

Potsika tinadutsa pamalo pamene panatsala zitsa zokhazokha ndi dothi lakuda la uvuni wa makala, ndipo mtima wanga unawawa ndithu, chifukwa wogwetsa mtondo wagwetsanso ndiwo za ana a chaka chamawa. Mayiwo anati kale ankadzaza dengu kuseri kwa mudzi, koma lero amakwera mpaka miyendo kuwawa.

Kumudzi anatiphikira ndelema wotendera nsinjiro, tinadyera nsima ya mgaiwa. Wotsalayo anamufutsa namuyanika pamphasa, kuti akauma amumange m'chikwatu cha masamba a msuku, adzakhale ndiwo m'mwezi wa Okutobala.