Moto Umene Unasunga Zolemba za ku Nineveh

Ambirife timaudziwa mzinda wa Nineveh chifukwa cha mneneri Yona, ndipo Aasiriya timangowakumbukira pa nkhanza zao. Koma ine mtima wanga umakhala pa mfumu yao Ashurbanipal, imene inasonkhanitsa mapale adothi zikwizikwi olembedwapo mapemphero kwa milungu, zamankhwala ndi nthano zamakedzana. M'chaka cha 612 Kristu asanabadwe, Ababulo ndi Amedi anautentha mzindawo. Ife a ku Chongwe, amene timaocha njerwa, tikudziwa kuti moto umalimbitsa dothi. Mapale ambiri anapsa, nakhala mpaka lero. Mu 1872, ku London, George Smith anawerenga pa phale lina nkhani ya chigumula: munthu anakhoma chombo, natulutsa mbalame kuti zikafune mtunda.