Za awning ya pa bakkie: musathamangire yaikulu

Masiku apitawa ambiri mwakhala mukufunsa za awning, chinsalu chopinda chija chimene chimamangidwa m'mbali mwa kaliyala wa padenga la galimoto. Ife amene timanyamula katundu pa Hilux ndi Ranger kuchokera ku Germiston, Boksburg ndi Kempton Park kupita kumudzi tati tiikepo mawu athu.

Eni dziko kuno amagula chinthuchi kuti akapumire kutchire pa holide. Ife chifukwa chathu n'china. Tikadzera R21 n'kulowa N1 mpaka ku Musina, timadziwa kuti pa Beitbridge, pa Nyamapanda kapena pa Zobue mapepala atha kugona. Ejenti akati "dikirani pang'ono," pang'onopo limakhala tsiku lathunthu. Mu October ndi November ku Tete kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo mitengo ya mthunzi mumapeza ili ndi eni ake kale. Munthu amene wapsa ndi dzuwa tsiku lonse ndi yemweyo amakawodzera pa chiwongolero usiku, katundu wa eni ake ali kumbuyo. Choncho kwa ife mthunziwu si matama ayi, ndi chida ngati jeke.

M'masitolo a katundu wa msasa mupezamo mitundu iwiri. Pali yowongoka, imene mumangoikoka n'kuimika miyendo iwiri. Zambiri zimakhala mamita 2 kapena 2.5 mulitali. Palinso ija amati 270, imene imatambasuka ngati phiko la mleme n'kuphimba mbali ndi kumbuyo komwe. Imeneyi ndi yokongola, palibe angatsutse, koma walira mvula walira matope. Ndi yolemera, mtengo wake ndi wokwera kwambiri, komanso kulemera kwake konse kumakhala mbali imodzi ya denga limene tasenzetsa kale matayala ndi zigubu. Denga lililonse lili ndi malire ake, analemba m'buku la galimoto. Pa zigamba za msewu wa ku Tete mabulaketi otchipa amathyoka.

Ife timakonda yowongoka ya mamita 2.5. Muyeso wathu ndi umodzi: kodi munthu mmodzi atha kuitsegula n'kuipindanso yekha mzere usanamusiye? Pa boda magalimoto akayamba kusuntha palibe amadikira kuti umalize kumasula zingwe. N'chifukwa chake sititsegula pamzere penipeni, timayamba tapeza poimika poti tikhalitsa.

Mangitsani kumanzere. South Africa, Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi konseku timayenda kumanzere, ndiye mukapatuka pamsewu mthunzi uzigwera kutchire, osati kumene kukudutsa mathiraki. Ikaninso manati okiya, chifukwa chomangidwa ndi mabawuti wamba chimachoka ndi sipanala imodzi inu muli m'tulo.

Mdani wamkulu wa awning ndi mphepo. Amene takhalitsa kuno ku East Rand tikudziwa mphepo ya fumbi ya mu August, ndi mvula ya masana ya m'dzinja imene imabwera mwadzidzidzi ndi matalala. A ku Tembisa sanaiwale kamvuluvulu wa mu July 2016 amene anasasula madenga. Chinsalu chotambasuka chili ngati thanga la bwato: mphepo ikalowa kunsi imachiponya pamwamba pa galimoto, kupinda zitsulo ndi kuswa galasi. Ndiye ngakhale kuli zii, khomani zikhomo ndi kukoka zingwe. Pamene pali simenti kapena nthaka youma gwa, mangani zingwezo ku zigubu za malita 20 zodzaza madzi. Mukapita kukagona kapena kukadinditsa pasipoti, pindani.

Kukagwa mvula tsitsani mwendo umodzi kuti madzi azitsetsereka, apo ayi amadikha pakati mpaka chitsulo kukhota. Mukapinda chili chonyowa, mukafika pa Mwanza kapena ku Blantyre chitsegulireni dzuwa tsiku lomwelo, chifukwa chikagona m'thumba lake chimachita nkhungu n'kuyamba kuwola m'misoko. Mbaula ndi gasi ziziyaka kunja kwa chinsalu.

Ofuna yogwiritsidwapo kale ntchito pa Facebook Marketplace, musatumize ndalama musanaione. Pitani masana, muitsegule yonse, muyang'anitse chinsalu kudzuwa kuti muone zibowo, muyese zipi ya thumba ndi molumikizira miyendo. Funsani ngati mabulaketi alipo, chifukwa ena amagulitsa popanda, ndiye mumakapeza kuti sikugwirizana ndi kaliyala wanu. Amene mukugulira makasitomala opita ku Nyika, ku Liwonde kapena ku Cape Maclear, funsani kaye mtundu wa galimoto ndi kaliyala wake, ndipo lisiti musunge kuti mukaonetse a MRA polemba katundu.

Ngati ndalama sizinakwane, lona wabwino, mitengo iwiri ndi chingwe zimapereka mthunzi womwewo, kungoti zimadya nthawi pomanga. Musadye mpamba chifukwa cha 270. Amene mwayendapo nayo njira ya ku Dedza kudzera pa Calomue, tiuzeni mmene mabulaketi anu anapiririra. Muyende bwino nonse.