Kamera ya m'thumba kapena ya pamapewa? Funsani dzuwa la ku Ngabu

Abale anga a m'misika ya Limbe ndi Ndirande, ambiri a inu mukaona kakamera kanga mumaseka, ati kanthu konga sopo sikangajambule nkhani ya m'nyuzipepala. Ena mwayamba kufuna kamera yojambulira katundu wanu woti muike pa Facebook. Tsono tiyeni tikambirane bwinobwino, popeza ine ndimadyera chithunzi. Mkonzi akachikana kuti chatuluka mbuu, ndalama ya minibasi ya ku Ngabu yalowa m'madzi.

Chimene chimajambula kwenikweni ndi lenzi, galasi lija la kutsogolo. Lenzi iliyonse ili ndi nambala yake yotchedwa f. Nambalayo ikachepa, kuwala kolowa kumachuluka: f/2.8 imalowetsa kuwala kowirikiza kanayi kuposa f/5.6. Vuto n'lakuti kuwala kwambiri kumafuna galasi lalikulu, ndipo galasi limalemera. Lenzi ya Canon ya 70-200mm f/2.8, imene mumaiona ndi atolankhani a mpira, imalemera pafupifupi kilo ndi theka payokha. Sony RX100 ya mu 2012, kamera yonse ndi batire lomwe, ndi magalamu 240 basi.

Koma opanga makamera si abale athu. Kakamera ka Sony ako kali pa f/1.8 mukamajambula zapafupi, koma mukakokera chinthu chakutali mpaka pa 100mm kamafika pa f/4.9. Kuwala kwachepa kasanu ndi kawiri. Pakatoni amalemba nambala zonse ziwiri, koma wogulitsa amakuwerengerani yoyambayo.

Masana ku Ngabu zimenezi sizioneka. Mwezi wa Okutobala, kutentha kukapyola madigiri 40, dzuwa limakhala la mtima bii moti ngakhale foni ya zikwi zochepa imatulutsa ng'ombe ya pamsika yooneka nthiti zonse. Nkhani imavuta mumthunzi. Lowani m'shedi yogulira thonje, kunja kuli ngwee, mkati muli mdima. Mlimi akuti sikelo ikumubera, wogula akuti bodza. Chithunzi chothandiza pamenepo ndi choonetsa nambala ya pasikelo, osati nkhope zokha. Lenzi ikakhala yopanda mphamvu, kamera imachedwa kutseka diso, dzanja likanjenjemera pang'ono nambala ija yafufutika, umboni wa mlimi watha. Ndi mmenenso zimakhalira m'makalasi momwe anthu amathawiramo madzi osefukira, monga mu Januwale 2015 ndi mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy. Nkhani za ku Chigwa cha Shire zambiri zimachitikira mumdima wotere.

Ndiye mukuti ndigule chikamera chachikulu? Ayi ndithu, ndipo zifukwa zake n'za pamsewu. Ukatsika minibasi pa M1, kumidzi umapita pa kabaza, chikwama chili kumsana, thukuta lili kamukamu. Makilo awiri amasanduka khumi. Chachikulu n'chakuti anthu akaona chilenzi chonga mpope amasintha. Wina abisa nkhope, wina akonza kolala, wina ayamba kufunsa kuti mwatumidwa ndi bungwe liti ndipo alawansi ili kuti. Kakamera ka m'thumba amakaiwala pakatha mphindi zisanu, agogo n'kupitiriza kusankha thonje lawo.

Pali pomwe kamandigwiritsa mwala, sindikana. Ku Lengwe, kufupi ndi Nchalo, nyala ikaima patali imatuluka ngati nyerere. Koma ine sindigulitsa zithunzi za nyama. Za anthu ndimakokera ndi miyendo, kuyandikira, kupereka moni, kupempha chilolezo. N'chifukwa chake makamera ngati Ricoh GR III ya mu 2019, ya lenzi imodzi yosakokera ya f/2.8, amakondedwa ndi ojambula m'misewu, ngakhale mtengo wake ndi wa mpamba wa okala yathunthu.

Mdani wa tonse ndi fumbi. Lenzi yotuluka ndi kulowa ukayatsa kamera imakoka fumbi la ku Ngabu n'kulisunga mkati momwe nsalu singafike. Yanga imagona m'jumbo ya shuga. Inu mukamagula ya kaunjika, unikani galasi ndi tochi, muone ngati mulibe timizere tonga ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu ndipo sichoka wamba. Kenako lowani nayo kuseri kwa benchi komwe kuli mdima, mujambule mtengo wolembedwa pakatoni, mukulitse chithunzicho. Nambala ikapanda kuwerengeka, bwezani ndalama m'thumba.