Mbalame ndi Gulugufe pa Phiri la Mulanje

Tinalawira m'mamawa pa Likhubula, ndi kukwera m'mbali mwa mtsinje kufikira ku Dziwe la Nkhalamba. M'njiramo tinaona zitsa ndi mauvuni a makala, ndipo tinakumbukira zolengedwa ziwiri za phiri lino.

Coyamba ndico kambalame kofiirira pamsana, koyera pakhosi, kamene anzeru anakapatsa dzina la Alethe wa ku Thyolo m'caka ca 1927. Kamaimba mluzu m'nkhalango yowirira, nikatsata linthumbu pansi, kutola tizirombo tothawa. Caciwiri ndi gulugufe, Cymothoe melanjae, wolembedwa m'caka ca 1926. Mitundu yao njosiyana: mbalame iri ndi nthenga ndi mafupa, nilera ana m'cisa, gulugufe ali ndi miyendo isanu ndi umodzi, nayamba moyo ali mbozi patsamba. Koma nyumba yao ndi imodzi, ndiyo nkhalango.

Nkhalango ya phiri la Thyolo inatha ndi nkhwangwa. Mbalameyo yatsala kuno ndi ku mapiri owerengeka, monga Namuli ku Mozambique. Gulugufeyu alibe kothawira, pakuti sanapezeke paphiri lina.

Makolo, pogula makala funsani kumene acokera. Mulungu anapatsa Adamu munda kuti akhale mlonda wace. Ulondawo watigwera ife.